Joni anamangidwa ndi obwera

Abale anga amene muli ku Joni, ndi inu amene mumadikira ndalama zochokera kumeneko mwezi ukatha, pali nkhani imene ikundidya mumtima. Tikamva kuti ayambanso kuthamangitsa obwera, ife timangoweramitsa mutu ngati tinalowera pawindo m'nyumba ya eni. Ine zimenezo ndikukana, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri ya mzinda wa Johannesburg.

Derali linali ndi anthu ake kale, Asotho ndi Atswana, zimenezo palibe angatsutse. Koma mzinda weniweniwo unabadwa mu 1886 atapeza golide, ndipo kuyambira pamenepo aliyense anachita kubwera: Angelezi, Mabunu, Ayuda ochokera ku Lithuania, Amwenye, Azulu, Axhosa, Mashangani a ku Mozambique. Ngakhale Matchaina oposa 60,000 anawatenga kuti adzakumbe migodi kuyambira 1904, ntchito itawathera n'kuwabweza kwawo. Agogo athu nawo anali momwemo. Ena anayenda wapansi, ena anakwera ndege za Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, ena osabwereranso mpaka kumudzi anayamba kuwatcha matchona. Kamuzu yemwe anagwirapo ntchito pamgodi wina ku Boksburg ali mnyamata. Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay, ndiye anayambitsa ICU mu 1919, bungwe limene linaphunzitsa antchito akuda a dziko lija kuimirira pamaso pa bwana. Pofika 1973, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Kamuzu anaimitsa zolemba anthu ntchito mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70 amene ankabwerera kumudzi.

Chimene ndikufuna timvetse bwino ndi ichi: kugawikana kwa mitundu mu Joni sikunangomera kokha. Kunachita kukonzedwa patebulo, ndi pensulo ndi mapu. M'makomboni a migodi ankagoneka anthu mtundu ndi mtundu, kuti asagwirizane pa nkhani ya malipiro. Ku Sophiatown akuda, makaladi, Amwenye ndi Matchaina ankakhala mumsewu umodzi, kugula m'sitolo imodzi, kuvinira nyimbo imodzi, ndipo akuda ena anali ndi mapepala a malo awoawo. Boma la tsankho silinagone nazo tulo. Pa 9 February 1955 apolisi pafupifupi 2,000 anafika m'bandakucha, kukweza mabedi ndi mapoto pamalole, ulendo wa ku Meadowlands. Nyumba anagwetsa, pamalopo n'kumangapo za azungu okhaokha. Amwenye a ku Pageview anawakankhira ku Lenasia, kutali ndi masitolo awo. Ku Soweto nako sanalekere pa khungu ayi, anagawanso ndi chilankhulo: Avenda ndi Atsonga ku Chiawelo, Asotho ndi Atswana ku Naledi ndi Mapetla, Azulu ndi Axhosa ku Zola ndi Emdeni. Mmphawi aziona mmphawi mnzake ngati mdani, asayang'ane kumene chuma chikupita.

Ndiye ndikaona mnyamata wa ku Alexandra akuthamangitsa mnzake wa ku Mangochi, mtima umandipweteka kawiri. Mu May 2008 zipolowe zinayambira ku Alexandra komweko ndipo anthu 62 anafa, 21 mwa iwo anali a ku South Africa konko. Ulova wa mnyamata uja ndi weniweni, sindikuupeputsa. Amagona m'chisakasa cha malata, akadzuka amaona nyumba zosanja za ku Sandton tsidya lina la msewu. Koma kodi amene anamumana malo ndi sukulu yabwino ndi mayi wogulitsa tomato wochokera ku Machinga?

Nkhani ya nyumba ya Usindiso ku Marshalltown imandisowetsa mtendere mpaka lero. Inapsa usiku wa pa 31 August 2023, anthu 76 n'kufa, ndipo Amalawi analimo. Nyumba yomweyo, 80 Albert Street, kale inali ofesi ya zitupa, kumene munthu wakuda ankaima pamzere kuti amudindire chilolezo chokhala mumzinda. Zitupa zinatha mu 1986, koma osauka anapitiriza kuthithikana m'zipinda zogawidwa ndi matabwa ndi makatoni, opanda njira yothawira moto.

Nafenso tisadziyeretse. Timakonda kukhala patokha, tchalitchi chathu, mzikiti wathu, gulu lathu la maliro, kwinaku tikunyoza eni dziko kuti ndi aulesi. Mawu amenewo ndi omwe mabwana a migodi ankanena pofuna kutilipira zochepa, ndipo tikamawabwereza tikugwira ntchito yawo mwaulere. Lero Asomali ali ku Mayfair, a ku Congo ndi Nigeria ku Yeoville, Matchaina ku Cyrildene, ife tamwazikana m'minda ya maluwa, m'makhitchini ndi m'mashopu a eni. Amene muli ndi ana obadwira kumeneko, auzeni za Kadalie ndi za agogo awo amene anabwerako ndi chifuwa cha fumbi la mgodi, ena mpaka pano akudikirabe ndalama zawo za Theba, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela.