Pa kulemba za ku ofesi, a ku Joni atisiya kutali

Zimapweteka kuona mwana wa digiri, wokhoza bwino mayeso, akulephera kulemba maminitsi a msonkhano wa ola limodzi. Adzaza masamba asanu, walemba zonse zimene aliyense analankhula mpaka pemphero lotsegulira, koma ukafufuza zimene anthu anagwirizana, amene achite ntchitoyo ndi tsiku loimalizira, palibe. Mpatseni ntchito yomweyo wa dipuloma ya N6 (gawo lomaliza la maphunziro ake) ya ku koleji ya ntchito za luso (TVET) ku South Africa, akupatsani tsamba limodzi ndi theka loti bwana angosaina. Si kuti ana a kumeneko ndi anzeru kuposa athu ayi. Kaphunzitsidwe ndiko kamasiyana.

Kwathu kuno, m'mayunivesite ngati UNIMA, MUBAS ndi Mzuni, phunziro la kalembedwe ndi kalankhulidwe limabwera chaka choyamba. Mwana wangochoka kumene ku Fomu 4, ndiye chachikulu chimene amamuphunzitsa ndi kulemba manotsi, kulemba nkhani yaitali ya m'kalasi ndi kutchula mabuku amene wawerenga. Zimenezi n'zofunika. Koma kalata yofunsira ntchito ndi CV akaziphunzira chaka chimenecho, podzafika pozifuna papita zaka zitatu kapena zinayi, zonse zinauluka. Komanso kalasi ikadzaza holo yonse, mphunzitsi mmodzi sangakubwezere pepala katatu kuti ukonze. Amangoika malikisi. Pomwe kulemba munthu amakudziwa pobwereza chinthu chomwecho atakuonetsa pamene walakwitsa.

Ku Joni, wa maphunziro a za bizinesi ndi ukalaliki amadutsa N4, N5 ndi N6, gawo lililonse miyezi 6, yonse pamodzi miyezi 18. Pa mayeso a Communication amamupatsa nkhani ya pa kampani n'kumuuza kuti alembe memo, uthenga wa pafoni, chidziwitso cha msonkhano ndi ndandanda wa zokambirana, maminitsi kapena lipoti. Malikisi amagawidwa pa kayalidwe ka chikalatacho, mfundo zake ndi chilankhulo, choncho Chingerezi chokoma chokha sichikupulumutsa. Akamaliza apo dipuloma sapatsidwa msanga: ayenera kugwira ntchito yeniyeni miyezi ina 18 n'kubweretsa umboni wochokera kwa omulemba ntchito. Chaka ndi theka akuyankha foni ndi kulemba maimelo amene wina amawabweza akalakwika. Atachimenti yathu ya miyezi iwiri kapena itatu, imene ena amaithera pa makina a fotokope, singafanane nazo.

Pali pena pamene sindingawayamikire. Ana ambiri kumeneko amakhala ndi N6 m'manja koma malo ogwirirako miyezi 18 ija osapezeka, dipuloma n'kukhala yosatuluka. Ndipo pa galamala ndi ulemu, wa MSCE wa kwathu amene anakhoza Chingerezi ndi credit sachita manyazi pamaso pa aliyense. Kungoti ulemu womwewo ndi umene umatipweteka pa pepala. Ndime yonse yoyamba imathera kupepesa, kudzichepetsa ndi kudandaula za umphawi wa kunyumba, ntchito imene akufunsira n'kudzatchulidwa kumapeto. Wosankha ali ndi mulu wa makalata patebulo, sadzafika kumeneko.

Zoyenera kuphunzitsidwa chaka chomaliza n'zodziwika. Kalata ikhale tsamba limodzi: chiganizo choyamba chitchule ntchitoyo ndi kumene munaiona, ndime yachiwiri itenge zofunika ziwiri kapena zitatu za pa chilengezo n'kuonetsa pamene munazichitapo, yomaliza inene mmene angakupezereni. CV isapitirire masamba awiri, zaposachedwa zikhale pamwamba, itumizidwe ngati PDF yokhala ndi dzina lanu, ndipo imelo ikhale ndi mutu. Lipoti la vuto, tinene jenereta yafa, liyambe ndi chimene chachitika, kuti, liti, chaimitsa ntchito yanji, kukonza kudya ndalama zingati, ndi chimene mukupempha bwana kuti avomereze. Mbiri ya jeneretayo ibwere pambuyo. Maminitsi atchule opezekapo, opepesa, zotsalira za msonkhano wapita, kenaka mfundo iliyonse ndi dzina la woichita ndi tsiku lake.

 

Ndalama si chifukwa chokwanira choti tilephere kusintha kaphunzitsidwe kathu. Olemba ntchito ku South Africa amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito kuti ithandize maphunziro a luso, ndipo athu nawo amapereka 1 peresenti ya TEVET levy. Tikufuna phunziro la kalembedwe libwerenso chaka chomaliza, m'magulu ang'onoang'ono, ndi zikalata zenizeni za ntchito imene mwanayo akukalowa, ndipo wopita ku atachimenti azibwerako ndi lipoti ndi maminitsi amene analemba yekha, osainidwa ndi womuyang'anira.