Kufotokopa si anthropology

Ndakwiya abale, ndipo sindibisa. Mwana wa achemwali anga akuphunzira anthropology ku yunivesite, ndiye anamutumiza ku attachment kubungwe lina mu Lilongwe muno kuti apeze malikisi a chaka chino. Dzulo wandionetsa logbook yake. Lolemba: kufotokopa. Lachiwiri: kulemba mayina a obwera ku workshop ndi kugawa madzi a m'mabotolo. Lachitatu: kufotokopanso. Pansi pake bwana wasayina, wadinda chidindo, ati mtsikanayu wachita bwino kwambiri. Wachita bwino chiyani? Kuthira shuga m'tiyi?

Anthropology ndi maphunziro a anthu ndi chikhalidwe chawo. Anthu! Kuti uwadziwe umapita kumudzi, kukalonjera kwa anyakwawa, kukhala pamphasa, kutseka pakamwa n'kutchera khutu. Umamvera mlandu wa munda pabwalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kufikira utamvetsa chifukwa chake kwa Achewa mwinimbumba ali ndi mawu pa ana kuposa bambo wobwera chikamwini. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nanga wakhala miyezi yonseyi akuyang'anizana ndi makina a fotokope wadekha pa chiyani?

Siginecha si nzeru. Chidindo si nzeru. Inu a ku yunivesite mwampatsa malikisi pa ntchito imene sanaigwire, ndipo mawa adzavala gauni, tidzamuimbira nthungululu, koma sanafunseko gogo ngakhale mmodzi funso limodzi. Kumeneko n'kumunamiza mwana. Mukumunamiza iye, mukunamiza mayi ake, mukudzinamiza nokha.

Komatu malo okaphunzirako alipo, si kuti akusowa. Ku Mua kuli Kungoni, komwe nyumba ya Chamare yadzaza ndi zigoba za gule wamkulu, gule yemwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamuzindikira mu 2005. Ku Chongoni ku Dedza kuli malo 127 a zojambula pamiyala, olowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ku Karonga kuli museum, ku Chichiri kuli museum. Alendo amakwera ndege kudzakhala m'midzi yathu ndi kope m'manja, kubwerera kwawo n'kukatchedwa madokotala a zamaphunziro. Mwana wobadwira pompano, wodziwa chilankhulo ndi mwambo womwe, akugawa mabisiketi pa tea break.

Ndikudziwa, ophunzira achuluka, aphunzitsi ndi ochepa, mafuta a galimoto palibe. Ndamva. Koma ngati simungathe kumuyendera mwana kumene mwamutumiza, musatche zimenezo maphunziro. Mphunzitsi wake sanapondeko phazi. Ngakhale foni, ayi ndithu.

Ndiye china. Fizi talipira yonse, osachotsako ngakhale tambala, pomwe mwanayo sanalowe m'kalasi temu yonse. Ya minibasi tsiku ndi tsiku ikuchokera kwa mayi ake, ya nkhomaliro chimodzimodzi, bungwelo silinampatse olo ya sopo. Ndipo ndi mabungwe omwewa amene akamaliza sukulu adzamuuze kuti akufuna munthu wa experience ya zaka ziwiri.