Chenjezo kwa inu odinda zikalata za zida, ndi inu oombera m'manja

Abale anga, ana anga, takhalani pansi kaye mundimvere, paja wakutsina khutu ndi mnansi. Masiku ano ndikuona mmene mukutumizirana timavidiyo pa Facebook ndi pa WhatsApp, uku kasinja akuyaka, uku bomba likugwera nyumba, inu pansi pake nkumalemba kuti awa nde akatundu, awa sagonja, ngati mukuonera mpira. Zimandiwawa ndithu. M'nyumba ikugwayo munagona anthu usiku wathawu. Ndipo sindinaone olo mmodzi akufunsa funso la munthu wamkulu, loti kodi bombalo lachokera kuti, anagulitsa ndani, nanga anasaina ndani kuti lituluke padoko. Chida sichimera chokha ngati udzu ayi. Chimapangidwa mufakitale, chimapakilidwa mukontena, ndipo chisanayende pamakhala munthu wa taye pakhosi amene amatenga cholembera nkuvomereza.

Ndikuuzeni za kapepala kamodzi kamene kapha anthu ambiri. Pa malonda a zida pamakhala chikalata chimene wogula amalumbirapo kuti katunduyu ndi wa asilikali a dziko langa ndipo sindipatsa wina aliyense. Tsamba limodzi basi, mutu wa unduna pamwamba, chidindo ndi siginecha pansi. Mu March 1999 ndege inatera ku Ouagadougou, likulu la Burkina Faso, ndi matani 68 a zida zochokera ku Ukraine, chikalata chikunena kuti ndi za Burkina Faso. Akatswiri a UN atafufuza anapeza kuti katunduyo sanakhalitse, anamuulutsira ku Liberia kwa Charles Taylor, pulezidenti wa dzikolo nthawi imeneyo, ndipo zida za Taylor zinkathera kwa zigawenga za RUF ku Sierra Leone, zomwe zija zinkadula anthu manja ndi zikwanje, ana omwe. Taylor anagamulidwa zaka 50 mu 2012, chabwino, koma manja aja sanamerenso. Nde inu amene mumadinda pepala musanawerenge, kaya chifukwa bwana waimba foni, kaya pali kenvulopu pansi pa fayilo, dziwani kuti dzanja lanulo liri nawo pamlandu.

Zinthu ngati izi nzimene zinachititsa kuti anthu ayambe kulira kuti pakhale lamulo limodzi la dziko lonse. Oscar Arias wa ku Costa Rica ndi anzake olandira mphoto ya Nobel anayamba kukankha nkhaniyi cha mu 1997, kenako mu 2003 Amnesty International, Oxfam ndi IANSA, mgwirizano wa mabungwe olimbana ndi kufala kwa mfuti, anayambitsa kampeni ya Control Arms. Inali ntchito yotopetsa, msonkhano wa July 2012 unatha opanda kanthu, wa March 2013 anautsekereza Iran, North Korea ndi Syria. Mpaka pa 2 April 2013 msonkhano waukulu wa UN unangoti tiyeni tivote basi, maiko 154 anavomera, atatu omwe aja anakana, 23 anakhala chete. Panganolo ndi Arms Trade Treaty, ambiri amangoti ATT, linayamba kugwira ntchito pa 24 December 2014, ofesi yake ili ku Geneva ndipo pano maiko omwe analowamo apitirira 110.

Musamve molakwa, silikuletsa dziko kugula zida zodzitetezera. Likungoti wogulitsa asatsinzine. Likukhudza akasinja, magalimoto ankhondo, mizinga ikuluikulu, ndege ndi mahelikoputa ankhondo, sitima zankhondo zapamadzi, mamisailo, mpaka mfuti zing'onozing'ono zonyamula pamanja, kuphatikizapo zipolopolo ndi zipangizo zake. Gawo 6 likuti ngati Security Council, nthambi ya UN yoona zachitetezo, inaika chiletso cha zida pa dziko logulalo, kapena ngati ukudziwa kuti zidazo akukaphera mtundu wa anthu kapena anthu wamba, usagulitse, palibe zokambirana. Gawo 7 likuti olo palibe chiletso, khala pansi uunike kaye kuti wogulayu khalidwe lake ndi lotani, kodi sakazunzira anthu ake, kodi sizikathera kwa zigawenga, kodi sakaopsezera amayi ndi atsikana powagwirira. Chiopsezo chikakula, kana. Mau osavuta, mwana wa pulayimale atha kumva.

Koma taonani zimene akuluakulu a dziko akuchita. America, amene malinga ndi SIPRI, bungwe lofufuza za malonda a zida la ku Stockholm, amagulitsa zida zoposa magawo 40 pa 100 alionse a zida zikuluzikulu zodutsa malire, anasaina mu 2013 koma nyumba yawo ya malamulo sinavomereze, ndipo mu April 2019 Donald Trump anaima pamsonkhano wa NRA, bungwe la eni mfuti ku America, nkulengeza kuti akuchotsa siginecha ija anthu akuomba m'manja. Russia sinalowemo. India sinalowemo. China inalowa mochedwa mu 2020. Ndipo panganoli lilibe polisi, lilibe khothi lake, dziko lirilonse limadziweruza lokha, nde ngati munthu wa muofesi alibe chikumbumtima palibenso china chotchinga.

Amene analowamowo nawonso musadzitame. Pa 9 August 2018 ku Dahyan, kumpoto kwa Yemen, basi yodzaza anyamata asukulu inaima pamsika, anali paulendo wokaona malo ndi aphunzitsi awo. Ndege ya gulu lotsogozedwa ndi Saudi Arabia inaponya bomba. Ana 40 anafa. Zithunzi zake sindiziiwala, tizikwama tabuluu ta UNICEF tili mbwee pansi tili magazi okhaokha, mwana wina atagonekedwa kuchipatala chikwama chikadali kumsana. Zidutswa zimene zinatoledwa pamalopo zinaonetsa kuti bombalo linapangidwa ku America. Nthawi yonseyo maiko ena a ku Ulaya amene anasainira ATT ndi manja awo anali akugulitsabe ndege ndi mabomba ku nkhondo yomweyo. Ku London zinatengera bungwe la Campaign Against Arms Trade kukasuma, ndipo mu June 2019 khothi la apilo linagamula kuti boma la Britain linaphwanya lamulo chifukwa nduna sizinaunike nkomwe ngati ogulawo anaphwanyapo malamulo ankhondo m'mbuyomo. Sizinaunike nkomwe! Patangotha chaka, mu July 2020, malayisensi anayambiranso kutuluka. Inu a mabwana, mumati ntchito za anthu athu m'mafakitale zingathe, ndamva, koma ntchito imeneyo mukuilipira ndi ana a eni ake.

Chimene ndikufuna chikulowereni m'mutu ndi ichi, mfuti imakhalitsa kuposa ubwenzi umene munagulitsirana. Boma limagwa, mtsogoleri amathawa, mnzako wa lero mawa ndi mdani, koma AK-47 ukangoipukuta ndi kuithira oyilo imalira ngati yatsopano patapita zaka makumi angapo. Gaddafi wa ku Libya anaunjika zida kwa zaka zambiri ogulitsa akumwetulira, atagwa mu 2011 nkhokwe zinatsala zosatseka, aliyense nkumatola, pofika 2012 kumpoto kwa Mali kunali kutayaka ndipo mpaka lero chigawo cha Sahel sichinapume. Ku Iraq mu June 2014 asilikali anathawa mu Mosul nkusiya magalimoto ankhondo ndi mfuti zimene America anawapatsa, ISIS inangofika nkukwera. Moto umapita kumene kwatsala tchire, suona kuti malire a dziko ali pati. A bungwe lofufuza za mfuti la Small Arms Survey anawerengera kuti mu 2017 padziko panali mfuti zoposa 1 biliyoni, ndipo pafupifupi 857 miliyoni mwa izo zinali m'manja mwa anthu wamba. Tikuonjezerabe pamulu umenewu chaka ndi chaka.

Nanga madobadoba apakati aja? Viktor Bout, wogulitsa zida wa ku Russia, anayendetsa ndege zake m'nkhondo za mu Africa kwa zaka, anamugwira ku Bangkok mu 2008, khothi la ku America nkumugamula zaka 25, koma mu December 2022 anabwerera kwawo pamsinthano wa akaidi. Munthu ngati ameneyu sagwira ntchito yekha, amafuna wa kasitomu woyang'ana kumbali, wa pabwalo la ndege wosafunsa, msilikali wa kunkhokwe amene kaundula wake sagwirizana ndi mabokosi ali mkatimo. Ameneyo ndi amene ndikulankhula naye. Bokosi limodzi la zipolopolo limene ukuti palibe angazindikire, likadzabwera usiku kunyumba ya mlongo wako sulidziwanso.

Maiko ang'onoang'ono ogula nanu musabisale kumbuyo kwa akuluakulu. Panganoli likuti chaka chilichonse pofika pa 31 May dziko lipereke lipoti la zida zimene lagula ndi kugulitsa, ndipo zolembedwa zisungidwe zaka zosachepera 10. Maiko ambiri amachedwa, ena satumiza nkomwe, ena amatumiza koma nkuti chikhale chinsinsi anthu asaone. Kukasaina ku New York makamera akujambula munathamanga, kulemba lipoti nde mwatopa? Ngati zonse zili bwino mukubisiranji?

Ndipo musandiuze kuti munthu wamba palibe chimene angachite. Mu April 2008, ATT isanabadwe nkomwe, sitima ya ku China yotchedwa An Yue Jiang inafika padoko la Durban ku South Africa itanyamula zipolopolo pafupifupi 3 miliyoni ndi mabomba zopita ku Zimbabwe, nthawi imene anthu ankamenyedwa chifukwa cha zisankho. Zikalata zinali zitadindidwa kale. Anthu otsitsa katundu padoko, a bungwe lawo la apantchito la SATAWU, anati ife sitikhudza makontena amenewa, a mpingo ndi maloya anathamangira kukhothi, khothi linaletsa kuti katunduyo adutse, sitima inachoka pa Durban zida zili momwemo. Anali anthu a maovolosi, olandira malipiro apamwezi ngati inu ndi ine.

Nde ana anga, ulendo wina kavidiyo kakakufikani, musanadine batani lotumizira ena, funsani kaye kuti anagulitsa ndani. Funsani phungu wanu ngati dziko lanu linalowa mu ATT, ngati lipoti la chaka chino linapita ku Geneva, ndipo ngati linapita, akuonetseni muliwerenge ndi maso anu. Inu wa chidindo, pepala likadzafika patebulo panu, werengani dzina la wogula kawiri, imbani foni ku dziko lakelo mumve ngati akulidziwadi, ndipo mtima ukakayika bwezani fayiloyo osadinda.