Mayi amene amavina dziko likagwedezeka

Sabata yonseyi nkhani ya mayi wina yakana kundichoka m'mutu, ndiye ndati ndiitule pano, abale anga.

Mayiyu ndi Moon Ribas, katswiri wovina wa ku Catalonia, m'dziko la Spain. Amafika pa nsanja n'kuima chilili, manja ali m'mbali. Ng'oma palibe, nyimbo palibe. Oonerera angoti maso tong'o, kudikira. Patapita kanthawi thupi lake limayamba kugwedezeka, mwina phewa lokha, mwina msana wonse, kenako limatinso zii. Chinsinsi chake chinali m'mapazi. Anaikidwamo tizipangizo tolumikizidwa pa intaneti ndi makina oyeza zivomezi padziko lonse. Chivomezi chikachitika kulikonse, kaya ku Japan kaya ku Chile, tizipangizoto timanjenjemera, chachikulu mwamphamvu, chaching'ono pang'ono chabe. Iye amavina zimene wamvazo. Dziko likakhala duu, nayenso savina.

Ndaona magule ambiri pa moyo wanga, koma ameneyu wandigwira mtima mwa njira ina, chifukwa wovinayo wavomera kuti mwini nyimbo si iye. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Apa wovina ndi oonerera onse akudekha, kudikira kuti nthaka iyankhule.

Anthu otere amatchedwa ma cyborg, kutanthauza munthu amene makina asanduka chiwalo cha thupi lake. Ambiri tikamva mawuwa timaganiza za chilombo chachitsulo cha m'mafilimu, cha maso ofiira psuu. Komatu mawuwa ali ndi mbiri yake. Anawapeka mu 1960 asayansi awiri, Manfred Clynes ndi Nathan Kline, poganizira za maulendo a mumlengalenga. Ganizo lawo linali lakuti m'malo monyamula mpweya ndi kutentha kwa dziko lapansi kupita nazo kumwambako, bwanji osangosintha thupi la munthuyo kuti lizipirira komweko? Choncho mawuwa anabadwa ndi mtima wochoka pa dziko. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti amisiri a zaluso ena anawatenga n'kuwatembenuza, kuwalozetsa pansi pomwe tapondapa.

Taonani mnzake wa Ribas, Neil Harbisson, amene anakhazikitsa naye bungwe la Cyborg Foundation mu 2010. Iyeyu anabadwa ndi maso osaona mitundu ya zinthu. Kufiira kwa magazi, kubiriwira kwa tsamba, chikasu cha dzuwa likamalowa, zonse kwa iye n'zotuwa. Kuyambira mu 2004 wakhala ndi kanyanga konga eriyo, kochokera kunkhongo, kopindikira pamwamba pa mutu mpaka kulendewera pamphumi. Pambuyo pake anachita kukalumikiza ku fupa la chigaza. Kumapeto kwake kuli kadiso kamene kamaona mtundu wa chinthu n'kuusandutsa kunjenjemera, ndipo fupa limafikitsa mawuwo m'khutu lamkati. Kufiira kumalira mobesa, mtundu wa pepo umalira mokweza. Akayang'ana nkhope ya munthu amamva ngati kanyimbo, ndipo amalemba kanyimboko kukhala chithunzi cha munthuyo. Pa pasipoti yake ya ku Britain anajambulidwa ali ndi kanyangako, atalimbana ndi akuluakulu a boma kuti kameneka si chovala ayi, koma chiwalo.

Kanyangako kamafika ngakhale pomwe diso la munthu silifika, pa kuwala kwa infrared ndi ultraviolet. Apa ena amafulumira kunena kuti munthu waposa chilengedwe. Ine ndikukana. Njuchi inayamba kalekale kuona ultraviolet, ndipo pa maluwa amene ife timati ndi achikasu chabe, iyo imaona mizere yoilondolera pomwe pali timadzi totsekemera. Nsato imamva kutentha kwa nyama mumdima kudzera m'timaenje ta pamilomo pake. Njovu imamva kunjenjemera kwa nthaka kudzera m'mapazi, n'kudziwa za zinzake zili kutali. Ndiye Ribas ndi tizipangizo take sanapose aliyense. Wangolawako pang'ono zimene njovu imabadwa nazo. Kwa ine kukongola kwa luso limeneli kuli pomwepa: limatichotsa matama. Limatikumbutsa kuti dziko lakhala likuyankhula nthawi yonseyi, ogontha ndife.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi Stelarc, mmisiri wa ku Australia wobadwira ku Cyprus, amene kwa zaka zambiri wakhala akunena kuti thupi la munthu linatha ntchito. Kulimba mtima kwake ndimakulemekeza. Mu 1980 anaonetsa dzanja lachitatu la makina loyendetsedwa ndi minofu ya m'mimba ndi m'miyendo mwake, ndipo pambuyo pake madokotala anamuumbira khutu pansi pa khungu la mkono wake wamanzere. Koma kunena kuti thupi latha ntchito kumandipweteka. Thupi lomwelo ndi limene linameretsa minofu ndi mitsempha ya magazi m'khutu lija mpaka kukhala lamoyo. Ndipo ataikamo kamaikolofoni, malowo anatukusira, mpaka anakachotsa. Makina aliwonse olowa m'mnofu amakhalamo ngati mlendo, ndipo mwini nyumba ndi thupi.

Tisaiwalenso kuti ma cyborg ochuluka sali pa nsanja. Ali pakati pathu, chete. Azakhali anga ali ndi pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino. Tsiku lina anagwira dzanja langa n'kuliika pansi pa fupa la m'khosi, chakumanzere. Pansi pa khungu lofewa, pafupi ndi chipsera chachifupi, ndinamva kanthu kolimba, kaphwanthiphwanthi, kofunda ngati thupi lomwelo. Ndinafunsa kuti, "Kodi azakhali, sikakusowetsani mtendere?" Anandiyankha kuti, "Mwanangu, ndimakaiwala. Ndimangokumbuka kuti kale ndinkalephera kukwera masitepe." Munthu woyamba kuikidwa kachipangizo kotere mkati mwa thupi anali Arne Larsson wa ku Sweden, mu 1958. Koyambako kanangogwira ntchito maola ochepa. Anamusinthira tina toposa 20 pa moyo wake, ndipo anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 86, injiniya amene anakapanga ndi dokotala amene anamuika atatsogola kale. Ndani angaime pamaso pa anthu ngati amenewa n'kunena kuti makina m'thupi ndi chinthu chonyansa? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Komabe pali pomwe mtima wanga umachita mantha, ndipo si za maloboti olanda dziko. Kampani ya ku America ya Second Sight inapanga chipangizo chotchedwa Argus II, choikidwa m'diso kuti anthu ena osaona azitha kuzindikira kuwala ndi zithunzithunzi za zinthu. Anthu oposa 350 anachilandira. Mu 2019 kampaniyo inasiya kuchipanga, ndipo chaka chotsatira inatsala pang'ono kugweratu. Anthu aja anatsala ndi zitsulo m'maso, osadziwa kuti zikawonongeka adzazikonza ndani. Foni ikasiya kugwira ntchito umaiponya m'kabati. Nanga diso? Kulichotsa pamafunika opaleshoni yokhala ndi zoopsa zake. Ngati chinthu chasanduka chiwalo changa, ndiye chikhale changa mpaka kalekale. Malamulo azikakamiza wopanga kuti asiye poyera mapulani ndi mapulogalamu ake tsiku limene akutseka zitseko, kuti ena athe kupitiriza kusamalira anthuwo.

Chinanso, makinawa sagwa kumwamba. Tantalum amene amapezeka m'tizipangizo tambiri ta m'thupi ndi m'mafoni, cobalt wa m'mabatire, zonsezi ndi miyala yokumbidwa pansi, ndipo cobalt wochuluka padziko lonse amachokera ku Democratic Republic of Congo, kwina akukumbidwa ndi manja m'maenje oopsa. Mu 2022 dziko lonse linataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zimene zinalembedwa kuti zakonzedwanso moyenera. Ndikanakonda amisiri a zaluso amene amatiphunzitsa kumva chivomezi atiphunzitsenso kumva khasu la wokumba uja, pakuti kanyanga kamene kamamva mtundu wa duwa nako kanachokera m'dzenje.

Ribas anakhala ndi tizipangizo tija zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, kenako anatichotsetsa. Iye amafotokoza kuti ngakhale titachoka, mapazi ake anapitirizabe kumva kunjenjemera, monga momwe munthu wodulidwa mwendo amamvera kuyabwa pa chala chimene kulibe. Batire palibe, intaneti palibe, koma phazi likudikirabe nthaka.