Kiyi ndapereka, faifi nayonso ndipereke?

Loweruka lapitali tinali ku ukwati ku Indianapolis, kuno ku Amereka, ndipo mpaka lero mtima sunakhale pansi. Mpunga unali bwino, akwati anatchena, DJ anayesetsa. Chandipweteka ndi nkhani ya pakhomo pa hotela.

Tinanyamuka ku South Bend ine ndi amayi a Chisomo nditangoweruka ntchito ya usiku. Maola awiri ndi theka pa msewu wa US 31, maso ali psuu. Kufika pamalopo ndazungulira kawiri kufuna poimika, paliponse zikwangwani zoopseza kuti ukangoimika akukokera galimoto. Kenako mnyamata wa jekete yofiira wandikodola, watsegula chitseko, watambasula dzanja kuti ndimupatse kiyi. Kunoko amati valet: iwe umatsika, iye akukupatsa kapepala ka nambala, basi galimoto yako yapita kumene sukudziwa. Ndipo kuseri kwa kapepalako alemba timalemba ting'onoting'ono kuti kanthu kakasowa m'galimotomo, iwo sizikuwakhudza.

Ku Limbe munthu wosamudziwa atati bweretsani kiyi, ungakuwe kuti wakuba. Mnyamata wa kumeneko amangoti "bwana, ndikuonerani," galimoto waimika wekha, kiyi ili m'thumba mwako, pobwera umamupatsa kangachepe, nonse mukudziwa chimene mwagwirizana.

Komanso galimoto yake iti? Corolla ya 2009, nyali ya check engine ikuyaka chiyambire chaka chatha, kumpando wakumbuyo kuli yunifolomu ya kuntchito ndi kontena ya nsima ya dzulo. Kutsogolo kwathu Range Rover, kumbuyo Tesla. Amayi anangondiyang'ana cham'mbali, amvekere, "Bambo a Chisomo, kutsuka kokha kunakukanikani?"

M'kati zinayenda monga mwa chikhalidwe chathu. Lachisanu ndinali nditapita ku banki kukasintha madola 100 kuti akhale a imodzi imodzi, chifukwa perekani-perekani ya kuno simasiyana ndi ya ku Zomba. MC anaitana akuchimuna, ndinanyamuka. Anaitana a mpingo, ndinanyamuka. Anaitana onse ochokera kum'mwera, kenako onse ovala magalasi, ndipo ine magalasi ndimavala. Pofika pogula keke m'thumba munali mutayera. Sindikudandaula nazo zimenezo. Perekani-perekani ilibe chinyengo: akutchula dzina, ukuvina, ukuponya anthu akuona, ndipo kumapeto akulengeza ndalama zimene zapezeka.

Tinatuluka cha m'ma 11 koloko usiku, kuzizira kwa Novembala kolowa m'mafupa. Mnyamata uja watenga kapepala, wathamanga kulowera mumdima, posakhalitsa Corolla yatulukira ikutsokomola. Watsika, wawatsegulira amayi chitseko, wabwera mbali yanga, wagwira chitseko, waima. Sananene kanthu. Umu ndi m'mene Amereka amapemphera ndalama yothokozera, imene amati tip: sakuuza, amangoima pafupi nawe akumwetulira mpaka manyazi akugwire.

Ndapisa m'thumba la jekete, risiti ya mafuta. La thalauza, chingamu. Amayi apekula chikwama chonse, nawonso anaponya mpaka yomaliza. Poika kapu m'galimotomo munali timakobidi titatu ta 25 cents, koma kumupatsa munthu timeneto kuli ngati kumutukwana. Kumbuyo mzere wa magalimoto wafika pamsewu, ndipo onsewo ndi a Malawi ondidziwa. Ndinachita kupita pawindo la achimwene ena a kutchalitchi n'kunong'ona, "Achimwene, ndibwerekeniko faifi, ndikutumizirani pa Zelle," njira yotumizirana ndalama pafoni. Bambo wa ana atatu, wovala suti, kupempha faifi pakhomo pa hotela! Madola 5 amenewo ndi ndalama zoposa K8,000 ngakhale pa mtengo wa ku banki, zoti mayi anga kumudzi akanagula nazo shuga ndi sopo.

Lamulungu masana ndinaimbira ankhoswe akuchimuna kuwathokoza, ndipo ndinaitchula nkhaniyi moseka. Iwo amvekere, "Aaa, mwaperekeranji? Tip ya anyamatawo inali kale mu bilu, tinalipira 20 peresenti pamwamba." Ndinangoti kakasi. Miyezi inayi pa gulu la WhatsApp la komiti takhala tikukangana za mtundu wa chitenje, za amene aphike nkhwani wotendera, za amene sanasonkhe madola 200, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene analemba mzere umodzi woti abale, a magalimoto talipira kale. Maukwati ena kuno amaika kachikwangwani pakhomo kuti eni phwando apereka kale, alendo musavutike. Ifeyo ndalama ya maluwa inapezeka, ya kachikwangwani ayi.

Mnyamatayo sindikumuda. Wathamanga m'chisanu usiku wonse, ndipo mphwanga wina amene anagwirapo ntchitoyi ali pasukulu anandiuza kuti faifiyo siilowa n'komwe m'thumba mwake: imaponyedwa m'bokosi, n'kugawana onse akamaweruka. Amene ndikukwiya nawo ndi mabwana awo komanso lamulo limene limawaikira kumbuyo. Malipiro otsikitsitsa a boma la Amereka ndi madola 7.25 pa ola, ndipo sanasinthe chiyambire 2009. Koma wantchito wolandira ma tip, lamulo limalola bwana kumulipira madola 2.13 okha pa ola, bola ma tip akwaniritse zotsalazo. Nambala imeneyo inaikidwa mu 1991, ife tikadali pansi pa Kamuzu, ndipo chigawo chathu chino cha Indiana chimatsatira yomweyo. Ndiye kuti malipiro a mwana wa eni akuchokera m'thumba mwanga, koma amawatchula kuti mphatso. Mphatso yanji yoti ukapanda kupereka anthu akuyang'ane ngati mfiti? M'zigawo za California, Washington ndi Minnesota bwana amayenera kulipira malipiro athunthu, koma pitani kumeneko mukaone ngati dzanja lasiya kutambasuka.

Ndipo matendawa afalikira. Kugula khofi woimirira, wakutembenuzira kakompyuta kakufunsa 18, 20 kapena 25 peresenti, mwini wake akukuyang'ana chala. Wometa, wobweretsa chakudya, wa Uber, onse.

Tsono mverani ichi. Ine ndimasambitsa okalamba. Ndimawasintha matewera 3 koloko ya usiku, ndimawatembenuza maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda, ena amandilavulira, ena amandiitana dzina la mwana wawo amene sanabwere kudzawaona chiyambire Khirisimasi. Tsiku lina mwana wa gogo wina anandipanikiza ndi madola 20 m'khonde, misozi ili m'maso. Ndinakana, chifukwa kuntchito kwathu kulandira ndalama kwa odwala kapena abale awo ndi mlandu woti ntchito ikhoza kutha tsiku lomwelo. Woyendetsa Corolla yanga mphindi zitatu ayenera faifi, ine wogwira chimbudzi cha amayi a munthu ndikalandira ndaba. Amene anakonza zimenezi ndikufuna ndimuone nkhope.

Polowa m'galimoto usiku uja ndinapezanso mpando aukankhira kumbuyo kwenikweni moti miyendo sinkafika pa buleki, wailesi aisintha. Mpaka tawuni ya Kokomo, pa ulendo wobwerera kwathu, amayi sanandiyankhule.

Pa 14 Disembala kuli ukwati wina ku Chicago, khadi lake lalembedwanso kuti valet. Amayi apinda kale madola 5 n'kuwabisa m'Baibulo kuti MC asawaone. M'mawa uno achimwene aja anditumizira uthenga: "Mwadzuka bwanji achimwene, Zelle ija sinafike."