Kusaka ndi mfuti: kuno kwathu, ku Mozambique ndi ku Zambia

Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire. Gwape akangodumphira ku Angonia, mlenje wa ku Ntcheu alekere pomwepo, chifukwa mapepala ake onse amathera pa phula. Anthu mbali zonse ndi amodzi, akwatirana, amagula mbatata pa msika umodzi, koma za mfuti dziko lililonse lili ndi zake.

Kuno ku Malawi mapepala ndi awiri, ndipo ambiri amawasokoneza. Laisensi ya mfuti imachokera kupolisi, ndipo imafunika kuikonzanso chaka ndi chaka. Imeneyo ndi yongosungira mfuti basi. Kuti muombere nyama, mukatenge chilolezo china kunthambi yoona za nyama zakutchire, a gemu aja. Ngakhale cha mbalame chilipo pachokha. Lamulo la nyama zakutchire la 1992 analikhwimitsa mu 2017, moti wopha nyama zotetezedwa kwambiri ngati njovu atha kukaseweza zaka 30. Gogodela yomwe agogo anasiya kudenga nayonso ndi mfuti pamaso pa lamulo.

Koma mutatenga mapepala onsewo, mukasaka kuti? Ku Liwonde ndi ku Nkhotakota n'koletsedwa, ku Chongoni ndi nkhalango ya boma, kwinaku yangokhala minda ya chimanga ndi kachewere.

Ku Mozambique malo alipo. Boma linapatula madera osakirako otchedwa coutada, ena mwa iwo cha ku Marromeu, ndipo amayang'aniridwa ndi ANAC, bungwe la boma loona za malo osungira nyama zakutchire. Nyengo yosaka imatsekedwa mvula ikayamba. Lamulo limati 20 peresenti ya ndalama zomwe boma latolera ibwerere kwa anthu a m'deralo, ndipo kuchigawo cha Tete, cha ku Magoe, ntchito ya Tchuma Tchato inayamba kugawana ndi midzi kalekale. Zikumveka bwino, komatu amene amasaka m'menemo kwambiri ndi alendo olipira madola. Mlimi wa ku Ulongwe amangomva mbiri. Za mfuti akuluakulu a kumeneko sachita nazo chibwana, ndipo sindikuwada: nkhondo itatha mu 1992, ma AK47 anamwazika mpaka kutsidya kuno.

Ine mtima wanga uli pa njira ya ku Zambia. Kuzungulira mapaki awo kuli madera 36 otchedwa GMA, momwe kusaka kumaloledwa, ndipo chaka chilichonse boma limapatula nyama zina kuti nzika zigule laisensi n'kukasaka zokha. Mafumu ndi makomiti a m'midzi ali ndi gawo lawo pa ndalamazo, ngakhale madandaulo oti zimachedwa kufika sasowa. Mu 2013 anaimitsa kusaka mikango ndi akambuku, mu 2015 n'kulengeza kuti atsegulanso. Munthu wa ku Chipata amene ali ndi mfuti yolembetsa ndi kandalama atha kufunsira nswala n'kudya ndiwo yake masana, osayang'ana kumbuyo. Wa ku Dedza ngakhale akhale ndi ndalama zomwezo, amathera pa nkhanga ndi njiwa.