Mota ya njinga yamagetsi ku Britain ndi ku Ireland: malire ndi amodzi, koma chilolezo chimasiyana

Amalawi amene amaperekera zakudya pa njinga ku London, Manchester kapena ku Dublin amadziwa kuti njinga yamagetsi yogula yathunthu ndi yodula, n'chifukwa chake ambiri amagula mota yapadera n'kuimangirira pa njinga wamba. Mamota otchuka pa ntchitoyi ndi a Bafang, omwe amalowa pakati pa zopalasira: BBS01B ya mavoti 36 ndi mawati 250, BBS02B ya mavoti 48 yomwe imafika mawati 750, ndi BBSHD ya mawati 1000. Funso limene limavuta ndi lakuti, kodi munthu akagula mota yaikulu n'kuichepetsa mphamvu pa kompyuta, lamulo lidzaiona ngati njinga yakapalasa?

Pa chiyambi maiko awiriwa akugwirizana. Kuti njinga ikhalebe njinga pamaso pa lamulo, mphamvu imene mota inalembedwa kuti ingapereke mosalekeza isapitirire mawati 250, ndipo izileka kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola, omwe ku Britain amawerenga kuti mamailosi 15.5. Ikatero sifuna laisensi, msonkho kapena inshuwalansi. Mawu akuti "mosalekeza" ndi amene ambiri sawamvetsa. Mota ya mawati 250 yomwe controller yake (kachipangizo kolamulira magetsi opita ku mota) imalola ma amp 15 (muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda) kuchokera ku batire ya mavoti 36 imakoka mawati 540 pokwera chitunda, ndipo palibe lamulo limene yaswa, chifukwa chimene chikuwerengedwa ndi mphamvu imene kampani inatsimikiza kuti motayo ingapirire nthawi yaitali osatentha mopitirira. Mofananamo, BBS02B yolembedwa 750 ikamakoka ma amp 25 pa mavoti 48 imafika mawati 1200.

Apa ndi pamene firmware, pulogalamu ya mkati yoyendetsa mota, imalowera. Mamota akale a Bafang amalumikizidwa ku kompyuta ndi kachingwe ka USB kolowa pamene pamalowa chingwe cha display (kasikirini ka pa chiwongolero), ndipo pulogalamu ikatseguka munthu amaona malire a ma amp, liwiro la gawo lililonse la chithandizo, kukula kwa gudumu, ndi mmene mota iyambire kukoka phazi likangoponda. Atsopano a mtundu wa CAN bus salola kusinthidwa mophweka chotere, pamene mota ya Tongsheng TSDZ2 ena amaichotseratu firmware ya kufakitale n'kuikamo ina yolembedwa ndi anthu odzipereka. Koma tembenuzani njinga, pukutani matope kunsi kwa mota, ndipo mudzapeza zilembo zodindidwa pachitsulo zakuti 48V 750W. Zimenezo kachingwe ka USB sikangazifufute, ndipo ine ndikuona kuti amene amadalira kutsitsa ma amp kuti mota yotere itchedwe ya mawati 250 akudzinamiza, kaya ali ku Leeds kaya ku Cork.

Kusiyana kwenikweni kumayambira pamwamba pa mawati 250. Ku Britain njinga ikangodutsa malirewo imasanduka njinga yamoto, ndiye kuti iyenera kulembetsedwa ku DVLA (bungwe la boma lolembetsa galimoto), kukhala ndi nambala, inshuwalansi, laisensi ndi chisoti chovomerezeka. Woyendetsa popanda inshuwalansi akhoza kulipitsidwa mapaundi 300, kupatsidwa mapointi 6 a chilango pa laisensi, ndi kulandidwa njinga imene amadyerapo. Unduna wa zamtengatenga kumeneko unanenanso momveka kuti njinga yokhala ndi batani lotsegulira liwiro lalikulu, limene ogulitsa amati ndi loyendera kunja kwa msewu, sikukwaniritsa lamulo ngakhale batanilo litazimitsidwa. Throttle (chopotokola kapena chodina cha pa chiwongolero) yoyendetsa njinga mopitirira makilomita 6 pa ola munthu asakupalasa imafuna chivomerezo chapadera pa njinga zonse zobwera kuyambira pa 1 Januwale 2016. Mu 2024 boma linafunsa maganizo a anthu pa zokweza malire kufika mawati 500, koma kumayambiriro kwa 2025 linalengeza kuti silisintha kanthu. Northern Ireland inayamba kutsatira malamulo ofanana ndi amenewa mu Meyi 2020.

Ireland inasankha njira ina kudzera mu Road Traffic and Roads Act 2023, ndipo malamulo ake anayamba kugwira ntchito pa 20 Meyi 2024. Pakati pa njinga wamba ndi njinga yamoto pali gulu la L1e-A, lomwe limalola mota yofika mawati 1000 bola liwiro lisapitirire makilomita 25 pa ola, kenako gulu la L1e-B lofika mawati 4000 ndi makilomita 45 pa ola, lomwe limafuna laisensi ya AM, ya njinga zamoto zazing'ono. Magulu onsewa amafuna kulembetsa, msonkho, ndi woyendetsa wa zaka zosachepera 16. Maganizo amenewa ndimawayamikira, chifukwa amazindikira kuti mphamvu ndi liwiro si chinthu chimodzi. Munthu wonyamula katundu wolemera pa zitunda za ku Cork safuna kuthamanga, amangofuna kuti mota isafooke pakati pa phiri, ndipo lamulo la ku Britain silimupatsa malo opepuka otere.

Komabe wogula mota yomangirira yekha asafulumire kukondwera. Kulembetsa mu gulu la L1e-A kumadalira chikalata cha wopanga chotsimikizira kuti njinga yonse inavomerezedwa, ndipo njinga yolumikizidwa pakhonde la nyumba, felemu yakeyake, mota yakeyake, batire yochokera kwina, ilibe chikalata chotere. Pamenepa Britain ndi imene ili ndi khomo lodziwika, pakuti DVSA (bungwe la boma loyeza galimoto) imayeza njinga imodziimodzi kudzera mu ndondomeko ya Motorcycle Single Vehicle Approval, ngakhale kuti yopitirira mawati 250 ikapambana imatulukabe ndi udindo wonse wa njinga yamoto.

Chimene ndingalangize m'bale wanga woyamba ntchitoyi ndi kugula mota yodindidwa 250W, kusiya liwiro pa 25, ndi kulemba kukula kwenikweni kwa gudumu, chifukwa kunamiza controller kuti gudumu ndi laling'ono ndi kuchotsa malire mwa njira ina basi. Kachingwe kaja kali ndi ntchito yabwino kwina: kufewetsa kuyamba kwa mota kuti isamadzutse njinga mwadzidzidzi pa maloboti, kuteteza tcheni ndi giya ya pulasitiki ya mkati, ndi kuonetsetsa kuti ma amp sakupitirira amene batire ingapereke. Ozimitsa moto a ku London akhala akuchenjeza za mabatire ndi matchaja osagwirizana pa njinga zosinthidwa, ndipo kuyambira pa 31 Malichi 2025 Transport for London inaletsa njinga zamagetsi zosapindika m'masitima ake ambiri. Batire imeneyo usiku imatchajidwa m'chipinda chimene mwini wake akugonamo.